Laibulale ya ku Kirkwall, kumene mabuku amakwera sitima

Mayi a Tadala, Glasgow: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene mukudziwa kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Bambo a kunyumba apeza ntchito ku Kirkwall, ku zilumba za Orkney, ndipo tikuganiza zosamuka tonse. Chondidetsa nkhawa ndi ana. Kuno akaweruka kusukulu pali kopita, nanga kumeneko? Ndamva kuti nthawi yozizira dzuwa limalowa 3 koloko masana. Ana awiri otsekeredwa m'nyumba kuyambira 3 koloko, mutu wangawu sungapirire.

Nachisale, Kirkwall: Bwerani achemwali, tizidzaphikirana nsima, kuno Amalawi tikuchepa. Za dzuwazo sanakunamizeni. Mu Disembala limatuluka 9 koloko itakwana kale, pomafika hafu pasiti 3 magetsi a mumsewu ayaka. Mphepo nayo si yamasewera, ndipo mitengo yoti n'kuitchinga njowerengeka. Koma kopita ndi ana kulipo. Anga ndawalerera ku laibulale ya pa Junction Road, m'katikati mwa tawuni. Kulembetsa n'kwaulere, mungotenga chiphaso ndi kalata yosonyeza kumene mukukhala. Kuli mbali ya ana yokhala ndi mashelefu afupiafupi, mwana amadzitolera yekha buku. Bookbug ija munazolowera ku Glasgow, yoimba nyimbo ndi makanda, kunonso iliko. Muli makompyuta, intaneti, populintira makalata. Koposa zonse m'mofunda, ndipo palibe amene amakuyang'ana ndi diso loti ugula chiyani. Panja pake anaikapo mipira ikuluikulu yamiyala, wanga wamng'ono salola kulowa asanakwere umodzi n'kudumpha, kaya kukugwa mvula kaya ayi.

Mnyamata wa ku Ndirande, Leeds: Koma abale, banja lonse kuwoloka nyanja chifukwa cha laibulale? Mabuku onse ali m'foni masiku ano. Kachilumbako kali ndi anthu angati kuti kakhale ndi laibulale yoti munthu n'kuitchula?

Nachisale, Kirkwall: Achimwene, Orkney si chilumba chimodzi. Zilipo pafupifupi 70, zokhalamo anthu pafupifupi 20, ndipo anthu onse pamodzi ali cha m'ma 22,000. Kirkwall ndiye likulu, anthu ake pafupifupi 10,000. Ndirande yanuyo ikuposa kangapo, palibe akutsutsa. Koma za foni mudzazinene mutakhala kuno usiku wa chimphepo, sitima zitaimitsidwa, netiweki ikubwera n'kumapita.

Bambo Phiri, Aberdeen: Mwana wanga wa ku Ndirande, usaidelere laibulale imeneyo, ndi yakale kuposa Blantyre yonse ndi mishoni yake yomwe. Chiyambi chake ndi chaka cha 1683. Mkulu wina wa pachilumba cha Stronsay, dzina lake William Baikie, pomwalira anasiya mabuku ake oposa 150 m'manja mwa m'busa wa ku Kirkwall, James Wallace, kuti akhale a anthu onse a m'tawuni. Ankaitcha Bibliotheck of Kirkwall, ndipo kwa nthawi yaitali mabukuwo ankasungidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Magnus, chija cha miyala yofiira chimene anayamba kumanga mu 1137. N'chifukwa chake a ku Orkney amadzitama kuti yawo ndiyo laibulale ya anthu onse yakale kwambiri mu Scotland.

Nambewe, Perth: Bambo Phiri, pamenepo ndiye ndikanako. Kuno kwathu, pafupi ndi Crieff, kuli Innerpeffray. Imeneyo anaiyambitsa David Drummond, Lord Madertie, cha mu 1680, ndipo inkabwereketsa mabuku kwaulere. 1680 ndi 1683, wamkulu ndani? Alinso ndi kaundula wa obwereka woyambira m'zaka za m'ma 1700, mmene muli maina a anthu wamba, alimi, amisiri, ana asukulu, aliyense ndi buku limene anatenga.

Bambo Phiri, Aberdeen: Innerpeffray ndikuidziwa, mayi. Koma kodi lero mungapiteko n'kubwereka buku la mwana wanu? Analeka kubwereketsa mu 1968, pano anthu amangopita kukaona. Ya ku Kirkwall mwana wa Nachisale akubwerekabe mpaka lero. Wamkulu amene anapuma ntchito ndi wamng'ono amene akugwirabe, sankhani nokha.

Nambewe, Perth: Ukulu sutha chifukwa chopuma ntchito, apo bi inuyo pagulu pano tikanaleka kukupatsani ulemu kalekale.

Mnyamata wa ku Ndirande, Leeds: Hahaha mayi mwalasa. Koma ine funso langa ndi lina. Mabuku a mu 1683, osungidwa m'tchalitchi, m'manja mwa abusa. Msodzi wa pa Stronsay ankawerenga zimenezo? Ine ndikuona ngati anali mabuku a abusa ndi mabwana, anthu wamba ankangomva kuti aliko.

Bambo Phiri, Aberdeen: Apo wafunsa za nzeru. Mabuku a munthu wophunzira wa nthawi imeneyo ambiri anali a zaumulungu, ena m'Chilatini, ndiye owerenga anali ochepa ndithu. Mu 1815 analowa mu laibulale yolipira, woti abwereke ankayenera kusonkha pachaka, ndiye wosauka anali panjabe. Zinthu zinatembenuka cha mu 1890 pamene tawuni inavomera lamulo la malaibulale aulere, kutanthauza kuti anthu anagwirizana zoti kachigawo ka msonkho wawo kazipita ku mabuku. Kenako Andrew Carnegie, mpondamatiki wa ku America wobadwira ku Scotland, anapereka ndalama zomangira nyumba ya pa Laing Street, ndipo anabwera yekha kudzaitsegula mu 1909. Anakhala m'menemo mpaka 2003 pamene anasamukira pa Junction Road. Ndiye uone, kuchoka pa Baikie kufika poti mwana wa msodzi alowe osalipira panapita zaka zoposa 200.

Mayi a Tadala, Glasgow: Zikomo nonse, mtima wayamba kukhala m'malo. Achemwali a Nachisale ndikulemberani kumbali za sukulu ndi nyumba za lendi. Koma Baikie ameneyu si uja ndinamva kuti anapita ku Nigeria?

Bambo Phiri, Aberdeen: Ayi mayi, ameneyo ndi wina, William Balfour Baikie, dokotala wobadwira ku Kirkwall mu 1825. Mu 1854 anatsogolera sitima kukwera mtsinje wa Niger ndi Benue, akumwetsa anthu ake kwinini tsiku ndi tsiku, ndipo anabwerako popanda wofa ndi malungo, zimene zinali zodabwitsa nthawi imeneyo. Anamwalira ku Sierra Leone mu 1864. Chikumbutso chake chili mu St Magnus momwemo, mukakafika mukachione.

Ankolo a ku Lerwick: Ndakhala chete kuwerenga, koma monga munthu wa ku Shetland, zilumba za kumpoto kwa Orkney, sindingalole kuti Orkney itamandidwe tsiku lonse. Laibulale imeneyo inatchuka ndi chiyani? Kutinyoza ife pa Twitter, basi. Zaka ndi zaka akungotiseka kuti ku Shetland kulibe chochitika.

Nachisale, Kirkwall: Ankolo, chibale cha nthabwala chimenecho, a laibulale yanu nawonso amabwezera. Koma zoti zinawapindulira musakane. Mu 2016 anamuitana J.K. Rowling, mlembi wa mabuku a Harry Potter, pa Twitter pomwepo kuti abwere ku gulu lawo lowerenga nkhani za upandu, anamunyengerera ndi keke, ndipo mayiyo anatulukiradi ku Kirkwall. A ku Lerwick munangoonera pa zithunzi.

Ankolo a ku Lerwick: Anaopa ulendo, kwathu kuno n'kutali.

Mnyamata wa ku Ndirande, Leeds: Ndibwerere kwa Carnegie pang'ono, chifukwa anthu mumamutchula ngati woyera. Munthu ameneyu analemera ndi zitsulo ku Pittsburgh, antchito ake akugwira maola 12 patsiku pafupi ndi ng'anjo. Mu 1892 pa fakitale yake ya Homestead antchito atanyanyala, kampani inabweretsa alonda a Pinkerton ndi mfuti, anthu anafa. Iye nthawi imeneyo ali phee ku Scotland, zonse atamusiyira Frick, woyang'anira kampani yake. Ndiye pambuyo pake n'kumagawa malaibulale. Amene anatuluka thukutalo anali ndi nthawi yowerenga?

Nambewe, Perth: Zimenezo n'zoona achimwene, ndipo antchito ena a nthawi imeneyo ankanena zomwezo, kuti bola akanawakwezera malipiro. Ine sindimuikira kumbuyo. Koma pali chinthu chimodzi chimene anachita mochenjera. Sankangomanga nyumba n'kuchoka. Ankati tawuni ipereke malo, ndipo ilonjeze kuti chaka ndi chaka izitulutsa ndalama zogulira mabuku ndi kulipira wogwira ntchito. Tawuni yokana ankaidumpha. Anamanga malaibulale oposa 2,500, yoyamba kwawo ku Dunfermline mu 1883, ndipo ambiri anakhalitsa chifukwa cha pangano limenelo, osati chifukwa cha njerwa zake.

Nachisale, Kirkwall: Mukukangana za akufa, mwasiya chimene ine chimandigwira mtima kuno. Nyumba ya pa Junction Road njabwino, koma ikuthandiza ife a m'tawuni. Nanga wa ku Westray, wa ku Sanday, wa ku North Ronaldsay kumapeto kwenikweni? Kuti afike ku Kirkwall ndi sitima kapena kandege, tsiku lonse lapita, ndalama zapita. Ndiye mu 1954 anayambitsa chimene ankachitcha Family Book Service. Banja la pachilumba limauza a laibulale kuti pakhomo pano tilipo angati ndipo timakonda zotani, bambo za nyanja, mayi nkhani zopeka, ana za zithunzi. Wogwira ntchito amasankha mabuku, kulongedza m'bokosi, kulemba dzina la banjalo, bokosi n'kukwera sitima limodzi ndi katundu wina. Akamaliza kuwerenga amalibweza, kumabwera lina. Mayi wina wachikulire amene ndimamusamala kuntchito anakulira pa chimodzi mwa zilumba za kumpotozo. Amati tsiku lofika bokosi ana ankakanganirana kuti atsegule ndani, ndipo mayi awo ankabisa theka la mabuku pamwamba pa kabati kuti asathe onse sabata yoyamba. Pano maso ake anafooka, koma akumabwerekabe mabuku a zilembo zikuluzikulu ndi ena omvera.

Kuwonjezera apo pali galimoto ya mabuku imene imazungulira midzi, ndipo imakwera nayo sitima kupita ku zilumba zina. Anaitcha Booky McBookface, anthu a kuno nthabwala sizitha. M'kati mwake muli mashelefu opendekera m'mbuyo kuti mabuku asakhuthuke pa mafunde kapena pokhota. Ku Stromness kulinso nthambi.

Mwana wa Likoma, Edinburgh: Achemwali mwandikhudza pamtima. Ndawerenga za bokosilo kawiri. Ine ndinakulira pa Likoma, ndipo zonse mwanenazi ndikuziona ndi maso. Ifenso moyo wathu unali pa sitima. Ilala ikaimba hutala chilumba chonse chimathamangira kugombe, timaboti tikutsitsa matumba a chimanga, simenti, makreti a zakumwa, malata, njinga, mpaka mbuzi. Pobwerera yanyamula usipa. Ilala imeneyo anaipanga ku Scotland konkuno, kwa Yarrow ku Scotstoun mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Ndiye taonani, 1951 sitima ilipo kale, 1954 a ku Orkney akuyamba mabokosi awo. Njira tinali nayo, yodutsa pa Likoma ndi Chizumulu sabata iliyonse. Koma ndikukula sindinaonepo bokosi la mabuku lolembedwa dzina la banja lathu likutsika m'boti.

Bambo Phiri, Aberdeen: Komatu Likoma si malo osadziwa buku. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1880, anali ndi makina osindikizira, ndipo tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903 chili ndi laibulale yake. Anthu a pa Likoma anatchuka ndi sukulu kuyambira kale, aphunzitsi, makalaliki ndi ansembe ambiri anachokera kumeneko.

Mwana wa Likoma, Edinburgh: Zoona bambo, ndipo timanyadira. Koma zimenezo zikufanana ndi Kirkwall ya Baikie ija mwafotokoza, mabuku m'tchalitchi, m'manja mwa ansembe. Mwana wa msodzi wa kutsidya lina la chilumba sangalowemo ngati mmene mwana wa achemwaliwa amalowera pa Junction Road atadumpha pamwala.

Mnyamata wa ku Ndirande, Leeds: Ndiye tisonkhe pagulu pano, tidzaze kontena ya mabuku titumize. Kuno m'mashopu a kaunjika buku ndi 50p.

Nambewe, Perth: Ayi ayi, kontena ayi. Ine ndinali mphunzitsi kumudzi ndisanabwere kuno, ndipo makontena amenewo ndinawaona. Pasukulu ina imene ndinaphunzitsapo anatibweretsera makatoni ambirimbiri ochokera kunja. Titatsegula tinapezamo mabuku a malamulo a msonkho a dziko lina, a kaphikidwe ka zakudya zimene mwana wa kwathu sanazionepo, a makompyuta amene anasiya kupangidwa kalekale. Abwino analimo, koma panalibe munthu woti asankhe. A hedi, poopa kuti ana aba kapena ang'amba, anakhoma onse mu ofesi. Patapita zaka tinakatsegula, chiswe chitadya makatoni a pansi onse, ukanyamula buku chikuto chokha n'kutsala m'manja. Chimene achemwali a ku Kirkwall afotokoza si mphatso ya mabuku. Ndi munthu wolipidwa mwezi ndi mwezi amene akudziwa kuti banja lakuti limakonda zakuti, ndipo bokosi limapita n'kubwerera. Buku limodzi lomwelo lizungulira zilumba zisanu. Zili ngati mjigo: kukumba ndi kwa sabata imodzi ndipo obwera kudzajambulitsa sasowa, koma ukathyoka ndi pamene umadziwa ngati mudzi uli ndi komiti.

Mnyamata wa ku Ndirande, Leeds: Koma William Kamkwamba uja wa ku Wimbe anapanga makina a mphepo ndi mabuku opatsidwa omwewo. Akanati kontena ayi, bwenzi lero tikumudziwa?

Nambewe, Perth: Anawapeza pa shelefu, chitseko chili chotsegula, pali munthu womubwereka. Akanakhala mu ofesi ya a hedi athu aja bwenzi atadyedwa ndi chiswe iye asanawaone.

Bambo Phiri, Aberdeen: Tisaiwale kuti kumudzi bungwe lilipo. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena, ndipo imaperekanso mabuku m'masukulu. Ngati gulu lino likufunadi kuchita kanthu, poyambira ndi pamenepo, kufunsa amene akugwira kale ntchitoyo kuti chikusowa n'chiyani, osati kuyamba zathuzathu.

Koma ndikufuna Nachisale atiuze za m'mwamba mwa nyumbayo, chifukwa dzina lake lonse ndi Orkney Library and Archive, ndipo mbali yachiwiriyo ndi imene ine imandichititsa nsanje.

Nachisale, Kirkwall: M'mwamba ndi mosungira zolemba zakale za Orkney yonse. Muli mabuku a makhoti, a matchalitchi, a masukulu, mapu a minda, makalata a mabanja. Nyuzipepala ya kuno, The Orcadian, inayamba mu 1854 ndipo ikutulukabe Lachinayi lililonse, ndiye zakale zake mutha kuziwerenga pa makina. Muli zithunzi zambirimbiri za Tom Kent amene ankajambula tawuni ndi midzi zaka zoposa 100 zapitazo, ndi matepi a mawu a nkhalamba zikusimba m'chiyankhulo cha kuno. Bungwe lofufuza mibadwo ya mabanja, Orkney Family History Society, lili m'nyumba yomweyo. Nthawi yotentha mumadzaza anthu a ku Canada. Chifukwa chake n'chakuti kampani yogula zikopa ku Canada ya Hudson's Bay inkaima pa Stromness kulemba anyamata ntchito, moti kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 antchito ake ambiri anali a ku Orkney. Ambiri anakwatira komweko, ena kwa eni nthaka a ku Canada, ndiye zidzukulu zimabwera ndi kapepala ka dzina limodzi kudzafunafuna mudzi wa agogo. Ndinaonapo bambo wina wamkulu thupi, chipewa chili m'manja, akulozera mkazi wake mzere umodzi m'buku la ubatizo, chala chikunjenjemera osakhudza pepala.

Bambo Phiri, Aberdeen: Ndi zimenezo. Zolemba za Orkney zili ku Orkney, munthu amayenda wapansi kukaziona. Ife za boma zili ku National Archives ku Zomba, za mishoni zambiri zili ku Edinburgh ndi ku Oxford. Wa pa Likoma wofuna mbiri ya kwawo ayambe wapeza viza. Ndipo zimene zili kumudzi nazo n'zosatetezeka, tonse tikukumbuka mmene laibulale ya Mzuzu University inapsera mu Disembala 2015.

Ankolo a ku Lerwick: Za zolemba zakale nafenso ku Shetland tili nazo, m'nyumba yokongola kuposa yawo, m'mphepete mwa doko. Ndangoti ndinene poti palibe andifunse.

Mwana wa Likoma, Edinburgh: Achemwali a Nachisale, ndithandizeni mafunso awa mukapitako, ndikufuna ndimve kwa eni ake. Bokosi limodzi mumalowa mabuku angati, ndipo limakhala nthawi yaitali bwanji lisanabwezedwe? Mtengo wa pa sitima amalipira ndani? Nanga buku likanyowa kapena kutayika amatani? Chifukwa kwathu mafunso amenewa ndi amene angaphe nkhani yonse. Ilala nthawi zina imafika usiku, nthawi zina imakhala miyezi ili pa Monkey Bay kukonzedwa, ndiye pafunika munthu wodziwika wodikira pagombe, osati kungoti aliyense alandira.

Nachisale, Kirkwall: Ndikafunsa Loweruka ndikamakabweza a ana. Chimene ndikudziwa n'chakuti laibulale yonse ili pansi pa khonsolo, Orkney Islands Council, ndipo sitima za pakati pa zilumba nazonso ndi za khonsolo yomweyo. Ndiye wa mabuku ndi wa sitima bwana wawo ndi mmodzi.

Mnyamata wa ku Ndirande, Leeds: Kwathu ndiye pamenepo padzafunika misonkhano isanu ndi ma alawansi.

Mwana wa Likoma, Edinburgh: Misonkhanoyo idzachitike, koma ndineneretu, bokosi la katoni ayi. Potsika pa Ilala katundu amaponyedwa m'boti, pansi pali madzi, pamwamba wina wakhalira. Lidzakhale lachitsulo, ngati sutikesi zija tinkapita nazo ku sekondale, lokhala ndi loko ndi makiyi awiri, wina ku Nkhata Bay wina pachilumba.